Kugulira makolo kompyuta yoti ipirire fumbi, kutentha ndi magetsi a ku Utale

Mwezi wa October ku Utale dzuwa limawomba ngati lili ndi mlandu ndi munthu. Pofika 10 koloko m'mawa malata amakhala atayamba kale kuthetheka, ndipo kamvuluvulu akadutsa pabwalo amasiya fumbi pa tebulo, pa mabuku, ngakhale m'mbale zimene munavundikira. Derali lili m'chigwa cha Shire, kummwera kwa tawuni ya Balaka, m'mbali mwa njanji yochokera ku Blantyre, kufupi ndi Nkaya pamene njanji ina imapatukira ku Liwonde ndi ku Nayuchi. Mpaka 1998 linali mbali ya boma la Machinga, ndipo Machinga wa lero ali kutsidya kwa mtsinje. Ndi dziko la thonje, nandolo ndi malambe. Ndi dziko limene limayesa chipangizo chilichonse cha magetsi.

Ana a kuno amene akugwira ntchito ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni akhala akutumiza kumudzi mafoni, masola ndi mawailesi. Masiku ano ena ayamba kutumiza makompyuta, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Bambo anapuma pa ntchito ya uphunzitsi koma anthu amabwerabe kudzawapempha kuti awalembere makalata. Mayi ndi mlembi wa banki m'khonde, kapena wa kalabu ya alimi a thonje. Ena ndi asungichuma a mpingo, ndipo mwezi uliwonse amawerengetsa chakhumi ndi zopereka m'makope amene ayamba kuthothoka masamba.

Munthu wotere kompyuta ikamufera, sataya makina okha. Amataya kaundula wa ndalama za anthu ena. Gulu likafunsa kuti uje anabweza zingati mu June, yankho loti "makina anafa" silikhutiritsa aliyense, ndipo dzina limene munthu wamkulu walisunga bwino zaka makumi anayi limayamba kunong'onedwa. Onjezanipo mtengo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chilichonse cha m'kompyuta chimachokera kunja. Mabanja ambiri sangagule kawiri. Choncho funso n'lakuti, tigule zotani kuti makinawo akhale zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo?

Yambani mwakhala nawo pansi

Mukawafunsa pa foni kuti, "Bambo, mukufuna kompyuta yotani?" adzakuyankhani kuti, "Iliyonse mwanangu, ukudziwa ndiwe." Musakhutire ndi yankho limenelo. Pitani, kapena tumani m'bale wanu, akaone makope amene amalembamo. Funsani kuti, "Amayi, pa mlungu mumalemba makalata angati? Mumafuna kusindikiza pa pepala? Madzulo maso amakuvutani?" Mudzapeza kuti ntchito zake ndi kulemba makalata, kuwerengetsa ndalama, kuwerenga phunziro la Sukulu ya Sabata ndi nkhani, kutsegula imelo, ndi kuonana ndi adzukulu pa vidiyo. Ntchito zimenezi n'zopepuka. Kompyuta iliyonse yabwino ya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo imazigwira osatuluka thukuta.

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amasochera. Amagula zimene iwowo amasirira: bokosi lalikulu lagalasi, la magetsi amitundumitundu m'kati, lokhala ndi khadi ya zithunzi yamphamvu yosewerera magemu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi yoteroyo imadya magetsi ambiri, imatentha, imabwera ndi mafani ena okoka fumbi, ndipo bambo sadzaigwiritsa ntchito ngakhale tsiku limodzi. Ndalama imeneyo ili ndi malo ena oyenera, ndipo oyamba ndi pa khoma pamene pali soketi.

Magetsi ndiwo amapha makina ambiri

Madzi a Shire amene amadutsa kummawa kwa Utale ndi omwewo amene amakazunguza makina a EGENCO ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Madzi akachepa, kapena namasupuni ndi matope zikatseka makinawo, dziko lonse limamva. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira ndi kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuthimathima kunatisautsa mpaka 2023. Kumidzi kumene mawaya amayenda mtunda wautali kuli vuto linanso: mphamvu ya magetsi imatsika madzulo aliyense akayatsa zake, ndipo magetsi akabwerera atathima amabwera mwaukali.

Kompyuta imadana ndi zinthu zitatu zimenezi. Ikazima mwadzidzidzi ili m'kati mosunga fayilo, fayiloyo imatha kuwonongeka, nthawi zina Windows yomwe n'kukana kudzuka. Mphamvu ikatsika, kabokosi kolandira magetsi kamavutika ndi kutentha. Ikakwera mwadzidzidzi, kamapsa, ndipo kakakhala kotchipa kamapsera limodzi ndi bolodi yaikulu.

N'chifukwa chake ndimati UPS si chinthu chowonjezera mukatsala ndi chenje. Ndi chiwalo cha kompyutayo. UPS ndi kabokosi kokhala ndi batire m'kati, kamene kamagwirizira makina kwa mphindi zingapo magetsi akathima, zokwanira kusunga ntchito ndi kuzimitsa bwinobwino. Ya 650VA imakwanira kompyuta yaing'ono ndi sikirini yake. Sankhani yolembedwa AVR, chifukwa imeneyo imakwezanso mphamvu ikatsika ndi kuitsitsa ikakwera. Koma dziwani kuti batire la m'katimo ndi la mtovu, la 12V, ndipo kutentha kumalidya msanga: amisiri amati kutentha kukapitirira madigiri 25, madigiri 10 aliwonse owonjezera amadula moyo wa batire lotere pakati. Ku Utale muyembekezere kulisintha pakapita zaka ziwiri, mwinanso zisanakwane. Musataye UPS yonse. Batire lokha limagulitsidwa, ndipo limatuluka ndi masikuluwu ochepa. Pulinta ya laser musailumikize ku UPS, chifukwa ikamatenthetsa m'kati mwake imakoka magetsi ochuluka kuposa amene kabokosiko kangapereke.

Mphenzi ndi nkhani ina. Mvula yoyamba ikamabwera ndi ziphaliwali, palibe UPS kapena chotetezera cha pa soketi chimene chingaimitse mphenzi yogwera pa waya wapafupi. Njira yake ndi yakale ija: zulani pulagi ku khoma. Kungothimitsa switchi sikukwanira. Pemphaninso mmisiri wa magetsi wovomerezeka aone ngati nyumbayo ili ndi waya wa earth wogwira ntchito, pakuti popanda waya umenewu zotetezera zambiri zimangokhala zokongoletsa, ndipo bokosi lachitsulo limatha kumagwira munthu. Ndipo chonde, mchitidwe wolowetsa mawaya osavala m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi usachitike m'nyumba ya makolo anu. Pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ndi yotsika mtengo kuposa denga.

Nyumba zambiri za ku Utale zilibe magetsi a ESCOM, ndipo zina zimadalira sola. Apa masamu ake ndi osavuta. Pa chipangizo chilichonse pamalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo W, kusonyeza magetsi amene chimadya. Kompyuta yaing'ono ya mu ofesi pamodzi ndi sikirini ya masiku ano zimadya pafupifupi 45W. Batire la sola la 12V, 100Ah, limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma kuti likhalitse muyenera kugwiritsa theka lokha. Theka limenelo liyendetsa kompyuta yaing'onoyo maola pafupifupi 10. Chibokosi chakale chodya 150W chimaliza batire lomwelo m'maola osakwana anayi, ndipo usiku umenewo banja lidya nsima mumdima. Invata ikhale yolembedwa pure sine wave. Zotchipa zija zimapereka magetsi okhakhala amene amaliza ndi kutenthetsa matchaja.

Bokosi lotani?

Pali njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi bwino lake ndi kuipa kwake.

Yoyamba ndi kugula ziwalo payokhapayokha n'kumangitsa. Ubwino wake ndi wakuti chiwalo chilichonse ndi cha muyeso wodziwika, moti chikafa mmisiri wa ku Balaka kapena ku Liwonde atha kuikamo china. Mukasankha njira imeneyi, musaumire pa kabokosi kolandira magetsi, kamene amisiri amati power supply. Pezani ka kampani yodziwika, kokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus, ka 300W mpaka 450W. Kaja kobwera kaulere m'bokosi lotchipa, kopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndi kamene kamayambitsa maliro ambiri.

Yachiwiri, imene ine ndimaikonda pa ntchito ya makolo, ndi makompyuta amene anapangidwira maofesi a makampani: Dell OptiPlex, HP EliteDesk kapena ProDesk, ndi Lenovo ThinkCentre. Anapangidwa kuti aziyaka tsiku lonse kwa zaka, amatseguka opanda vuto, ndipo amabwera ambiri m'dziko muno ngati kaunjika makampani a kunja akamasintha makina awo. Pali ang'onoang'ono kukula ngati buku la nyimbo, amene amadya magetsi ochepa ndipo amalandira magetsi kudzera pa tchaja yofanana ndi ya laputopu, kawirikawiri ya 65W. Tchaja ikapsa, mumagula ina, makina ali bwinobwino. Chenjerani ndi apakatikati aja, osakhala aakulu osakhala aang'ono: ambiri ali ndi power supply ya mtundu wawo wokha, ndipo ikafa mutha kuyendayenda m'Limbe monse osaipeza.

Yachitatu ndi laputopu. Ili ndi batire lakelake, ndiye kuthima kwa magetsi sikuiopsa, ndipo mayi atha kupita nayo ku msonkhano wa gulu. Koma sikirini yake ndi yaing'ono, imaweramitsa khosi, batire lake limafufuma ndi kutentha, ndipo kapu imodzi ya thobwa ikatayikira pa kiyibodi zonse zathera pomwepo. Imayendanso msanga: mdzukulu aibwereka kupita nayo ku koleji, osabwerera. Ngati mwasankha laputopu, tengani ya gulu la mu ofesi monga ThinkPad kapena Latitude, ndipo muigulire sikirini yaikulu, kiyibodi ndi mausi zapadera zoti zizikhala pa tebulo.

Kuwerenga zimene wogulitsa sakuuzani

Purosesa ndiyo ubongo wa makina, ndipo apa pali msampha umene wagwira anthu ambiri. Wogulitsa amati, "Iyi ndi i7, bwana, yamphamvu kwambiri." Funsani nambala yonse. Pa mapurosesa a Intel, manambala oyamba pambuyo pa kamzere amasonyeza mbadwo. Core i7-2600 ndi ya mbadwo wachiwiri, ya 2011. Core i5-8500 ndi ya mbadwo wachisanu ndi chitatu, ya 2018. Core i3-10100 ndi ya mbadwo wa 10, ya 2020. Pa zitatuzi, i7 ija ndi imene simuyenera kugula.

Chifukwa chake si liwiro lokha. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya mbadwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen ya gulu la 2000 kupita m'tsogolo, pamodzi ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Alipo amisiri amene amakakamiza Windows 11 kulowa m'makina akale, ndipo imayenda, koma palibe lonjezo loti idzapitiriza kulandira zokonza. Pa kompyuta imene mwini wake ali kutali ndi mmisiri, musayambe ndi chigamba.

Zilembo za kumapeto nazo zili ndi tanthauzo. T, monga i5-8500T, ndi purosesa yodya magetsi ochepa ndi yosatentha kwambiri, yoyenera Utale. F pa Intel imatanthauza kuti singatulutse chithunzi payokha, idzafuna khadi ija tinaikana. Pa Ryzen zakale, funani yokhala ndi G.

Memori, imene amati RAM, isachepere 8GB, ndipo ngati thumba likulola ikani 16GB, chifukwa mapulogalamu amanenepa chaka ndi chaka. Onetsetsani kuti ndi yozula ndi kubwezera, osati yowotcherera ku bolodi.

Posungira zinthu pakhale SSD, osati hard disk yakale. Hard disk ili ndi timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kasingano koyandama pamwamba pake. Ganizirani chinthu chotero chitamangidwa pa kabaza mumsewu wa fumbi wa mabampu. SSD ilibe choyenda m'kati, imadzutsa makina m'masekondi ochepa, ndipo ya 256GB kapena 512GB ndi yokwanira makalata a moyo wonse ndi zithunzi za adzukulu. Mukagula makina a kaunjika, ine ndingati ikanimo SSD yatsopano ya kampani yodziwika, ngakhale muli ina kale, pakuti simudziwa kuti yakaleyo yayenda mtunda wotani. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene yagwira ntchito ndi thanzi lake. Muuzeni wogulitsa aitsegule inu mukuona.

Kuipa kwa SSD n'kwakuti ikamafa sidwala. Hard disk imayamba yalira, kuchedwa, kukupatsani mpata. SSD imagona bwinobwino usiku, m'mawa osadzuka. Za zimenezi tibwererako.

Pali kanthu kena kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, batire la CR2032, limene limasunga tsiku ndi nthawi makina akazima. Likatha, kompyuta imaiwala chaka, masamba a pa intaneti amakana kutseguka, ndipo anthu amaganiza kuti makina afa. Pa makina a kaunjika lisintheni tsiku logula lomwelo. Limapezeka kwa okonza mawotchi. Muuzenso mmisiri apukute ndi kupaka mwatsopano phala lija limene limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo choiziziritsa, chifukwa likauma makina amatentha ngakhale fani ikuzungulira.

Maso, khosi ndi msana

Bokosi likhoza kukhala la kaunjika, koma zimene thupi la kholo lanu likhudzana nazo tsiku ndi tsiku musaziumire. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zapafupi. N'chifukwa chake bambo amatambasula dzanja powerenga uthenga wa pa foni. Sikirini ikhale ya mainchesi 22 kapena 24, ya 1920 x 1080, yosanyezimira ngati kalilole. Mukaiyatsa, lowani m'makonzedwe a Windows ndi kukulitsa zilembo kufika pa 125 kapena 150 peresenti. Makolo ambiri sadziwa kuti zimenezi zimatheka, ndipo amangopirira, nkhope ili pafupi ndi galasi, mpaka mutu kuwawa.

Sikirini italikirane ndi maso ngati kutalika kwa mkono, masentimita 50 mpaka 70, ndipo m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso kapena mutsikeko pang'ono. Amene amavala magalasi a magawo awiri, owerengera pansi, aitsitse kwambiri, apo ayi azidzakweza chibwano tsiku lonse ndipo khosi lidzauma. Zenera likhale cham'mbali, osati kumbuyo kwa munthu kapena kumbuyo kwa sikirini.

Tikamayang'ana pa sikirini timaphethira mochepa, ndipo m'nyengo youma ya fumbi maso amauma, kufiira ndi kuyabwa. Madokotala a maso amalangiza lamulo losavuta kukumbukira: mphindi 20 zilizonse, yang'anani chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20. Mlambe wa kuseri kwa bwalo ukwanira. Ngati kholo lanu lili ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, maso ayesedwe chaka chilichonse, chifukwa matendawa amawononga m'kati mwa diso mwakachetechete. Kuona ngati muli chifunga, kapena kuthobwa ndi kuwala, kutha kukhala ng'ala, imene imachotsedwa ndi opaleshoni. Yambirani ku chipatala cha boma ku Balaka, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku zipatala zazikulu monga Lions Sight First Eye Hospital ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Sikirini yaikulu si mankhwala a ng'ala.

Mpando suyenera kukhala wa mawilo wa mu ofesi ya bwana. Mmisiri wa matabwa wapafupi atha kupanga wabwino, bola ukhale ndi chotsamira, mapazi afike pansi, ndipo zigongono zilingane ndi tebulo. Kiyibodi ndi mausi zikhale za waya. Zopanda waya n'zokongola, koma mabatire ake amatha Lamlungu madzulo lipoti likufunika Lolemba. Pezani kiyibodi ya zilembo zazikulu zooneka bwino, yokhala ndi manambala kumanja, pakuti wowerengetsa ndalama amawagwiritsa ntchito kwambiri. Ndipo muwakumbutse kuimirira theka la ola lililonse, kumwa madzi, kuzungulira pabwalo. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akupita kumunda asasanduke wokhala pansi tsiku lonse chifukwa cha mphatso yanu. Usiku makina azizima ola limodzi asanakagone, kuti tulo tibwere bwino.

Aphunzitsi akale ambiri sagona akalemba dzina la dziko lathu popanda kadenga pa w. Awonetseni kuti mu Word akalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, chilembo ŵ chimatuluka. Mudzaona kumwetulira kumene purosesa yamphamvu singabweretse.

Fumbi ndi alendo osaitanidwa

Fani ya kompyuta imakoka mpweya, ndipo mpweya wa ku Utale umabwera ndi katundu. Fumbi limatseka timipata ta chitsulo choziziritsa, makina amatentha, amayamba kuchedwa, kenako kumazima okha. Bokosi lisakhale pansi pamene tsache limadutsa. Likhale pa tebulo, kutali ndi zenera loyang'ana ku msewu, ndipo kumbuyo kwake kutsale mpata wa chikhatho. Likazima ndi kuzizira, livundikireni ndi chitenje. Likamayaka, chitenje chichoke. Miyezi itatu kapena inayi iliyonse, makamaka ikatha nyengo ya mphepo, zulani pulagi, tsegulani, tulutsani panja, ndi kupemerera ndi pampu ya njinga kapena kupukuta ndi kaburashi kouma, chala china chitagwira fani kuti isazungulire. M'chipinda chopanda siling'i, ntchito ya pa kompyuta ndi ya m'mawa ndi madzulo. Masana a October ngakhale munthu sayenera kukhala pansi pa malata amenewo.

M'bokosi mofunda mumakondanso mphemvu, nyerere ndi nalimata, ndipo nalimata mmodzi akagona pa bolodi amatha kupsereza makina. Tsekani mabowo aakulu a kumbuyo, ndipo pa tebulo limenelo pasadyedwe chakudya. Makoswe amakonda mawaya.

Za mapulogalamu ndi zokopera

Pewani Office yobedwa imene amisiri ena amaika mwaulere. Imabwera ndi timapulogalamu tothyolera chitetezo, ndipo tsiku lina imadzatseka ndi uthenga wofiira umene ungawopseze munthu wamkulu. LibreOffice ndi yaulere mwalamulo, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo sifuna intaneti. Kwa kholo limene silinazolowere Windows, Linux Mint kapena Ubuntu ndi njira yabwino, ndipo imapatsanso moyo makina amene Windows 11 yawakana. Ubuntu ya mtundu wa LTS imasamalidwa zaka zisanu. Vuto lake n'lakuti amisiri oidziwa ndi ochepa kumidzi, ndiye musaiike ngati inuyo simudzatha kuthandiza.

Intaneti idzachokera pa foni kapena pa karauta ka TNM kapena Airtel. Uzani Windows kuti netiweki imeneyo ndi yolipira pa muyeso, pa malo olembedwa metered connection, apo ayi bandulo ya mwezi idzatha usiku umodzi. Koma mukapita kumudzi, gulani bandulo yaikulu ndi kulola makina alandire zokonza zonse. Akaunti ya makolo ikhale wamba, yosatha kuika mapulogalamu, ndipo chinsinsi cha akaunti yaikulu musunge inuyo ndi m'bale mmodzi wodalirika. Zimenezi zimateteza ku adzukulu okonda magemu, komanso ku mavairasi amene amabwera pa fulashi yochokera kumalo osindikizira mapepala. Ngati mwaika AnyDesk kapena TeamViewer kuti muziwathandiza muli kutali, auzeni momveka kuti nambala yake asapatse munthu wina aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku banki. Akuba a pa Mpamba ndi Airtel Money amadziwa kuti anthu akuluakulu ndi aulemu, sadula foni munthu akulankhula.

Tsopano tibwerere ku SSD yosadwala ija. Chilichonse chofunika chikhale malo atatu: m'kompyuta, pa fulashi kapena disiki yapadera, ndi kwina kunja kwa nyumbayo. Kwinako kutha kukhala Google Drive, imene imapereka 15GB kwaulere, kapena kungokutumizirani fayiloyo pa imelo. Mafulashi abodza ndi ambiri m'misika, olembedwa 64GB koma m'kati muli malo ochepa, ndipo amameza mafayilo mwakachetechete. Gulani m'sitolo yopereka lisiti. Chovuta si zipangizo koma kukumbukira, ndipo apa mabanja athu ali ndi mwayi. Lachisanu ndi tsiku lokonzekera kale. Pa mndandanda wa kusita, kuphika ndi kusesa, onjezanipo izi: koperani mafayilo a mlungu uno pa fulashi, zimitsani, zulani pulagi, vundikirani. Dzuwa likamalowa, kaundula ali malo awiri, makina ali otetezeka ku mphenzi, ndipo maso ndi msana zipuma mpaka Sabata litatha. Msungichuma asindikizenso lipoti la mwezi pa pepala ndi kulisunga m'faelo. Kope lakale lija lisatayidwe chaka choyamba.

Pa pulinta, ngati kuli magetsi a ESCOM, ya laser yakuda ndi yoyera ndiyo yopirira, chifukwa inki yake ndi ya ufa ndipo siuma. Ya inki yamadzi ikakhala milungu ingapo osagwira ntchito m'kutentha kotere imatsekeka. Pa sola yaing'ono laser ndi yolemera, ndiye tengani ya inki ya m'mabotolo ndipo azisindikiza tsamba limodzi mlungu uliwonse. Musanagule iliyonse, funsani kaye ngati inki yake imapezeka ku Balaka.

Pogula ndi potumiza

Yatsani makina m'sitolo momwemo. Onani nambala ya purosesa pa sikirini, osati pa chomata cha pa bokosi. Yesani mabowo onse a USB. Lisiti ilembedwe nambala ya makinawo ndi miyezi ya chitsimikizo, pakuti mukadzafuna kudandaula ku Competition and Fair Trading Commission, pepala limenelo ndilo mboni yanu. Za ku Joni nthawi zambiri n'zotsika mtengo, ndipo magetsi a ku South Africa ndi a 230V ngati athu, kungoti pulagi yawo ndi ya mano ozungulira, ndiye sinthani chingwe chonse m'malo molumikiza timaadaputa togwedera. Koma chitsimikizo cha sitolo ya ku Johannesburg sichithandiza munthu ali ku Utale. Zochokera ku America zionedwe kumbuyo: makina ena akale ali ndi kaswitchi kofiira ka 115 ndi 230, ndipo mukalumikiza kali pa 115 mudzamva kuphulika kamodzi kokha.

M'katoni momwemo ikanimo tchaja yachiwiri yeniyeni, mausi yapadera, mafyuzi, ndi envelopu yolembedwa ndi zilembo zazikulu: dzina ndi nambala ya makina, tsiku logula, tsiku losinthira batire la UPS, ndi nambala ya foni ya mmisiri amene mwagwirizana naye.

Batire la UPS kapena la sola likadzatha, lisakhale choseweretsa ana, lisaphwanyidwe pabwalo, ndipo lisaponyedwe m'chimbudzi, m'dimba kapena mu Rivirivi. Mtovu ndi poizoni amene amawononga ubongo wa mwana wamng'ono, ndipo zimene wawononga sizibwerera. Lisungeni pamalo ouma, pokwera, ndipo popita kukagula latsopano mulitenge mukalisiye kwa ogulitsa mabatire, amene ambiri amalandira akale.